Nkhani ya a Kachingwe Ndaichotsa

Lolemba

Ndaichotsa. Kungodina kamodzi, nkhani yonse yapita.

Ndi nkhani ya malemu a Kachingwe, amene ankawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo kuno ku Biwi. Tinawaika m'manda sabata yatha. Pa bulogu yanga ndimalemba za anthu a m'dera lathu lino, ndipo palibe nkhani imene inawerengedwapo ngati imeneyi. Vuto lili pa ndime imodzi. Ndinalemba kuti atadwala sitiroko, amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa mpaka tsiku lomaliza ndi a Nachisale, mayi amene ankakhala nawo kuseri kwa galaja. Ndi zoona. Biwi yense akudziwa.

Koma m'mawa uno andiimbira a Yohane, mwana woyamba wa malemu, mkulu wa mpingo ku Area 25. Sakukalipa ayi, akulankhula ngati akupemphera. Akuti mkazi wa ukwati woyera ndi mayi awo, a Nangondo, ali moyo, ndipo nkhani yangayo yawavula pagulu misozi isanaume. Ndaichotsa tikadali pa foni.

Pulani:
— osanena kanthu kwa aliyense
— kuika msanga nkhani ina, ya ngalande yotsekeka ya pamsika
— pofika Lachisanu anthu adzakhala ataiwala

Lachiwiri

Za ngalande palibe akuzifuna.

Pansi pake ndemanga mbwee, zonse za a Kachingwe:
— "Nkhani ya madala ili kuti?"
— "Akudyetsani chibanzi eti?"
— wina wa ku Joni akuti anaiwerenga akulira, lero amafuna aonetse mnzake, wapeza palibe
— "Ngalandeyo kakumbeni nokha."

Wina anaijambula yonse isanachoke. Tsopano ikuyenda m'magulu a pa foni, pamwamba atalembapo kuti "Imene aibisa ija." Anthu amene sakanaiwerenga n'komwe akuiwerenga lero. Ngakhale mayi a kunyumba, amene bulogu yanga saitsegula, yawapeza ku gulu la amayi a mvano. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenaka afunsa ngati a Nachisale ndinawauza ndisanachotse.

Sindinawauze. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

Lachitatu

Pulani yatsopano: kufotokoza. Ndalemba mwaulemu kuti nkhani ija yachotsedwa "polemekeza banja."

Yankho loyamba kufika: "Banja liti?"

Funso limeneli landikhala m'mutu tsiku lonse. Amisiri a ku galaja, amene malemu anawaphunzitsa ntchito, andiona ndikudutsa, azimitsa makina. Moni wanga wayankhidwa ndi mmodzi yekha, naye ndi mutu chabe.

Pa bulogu alipo ena akuti ndachita bwino, mkazi wolanda mwamuna wa mwini satamandidwa. Amenewa ndiye andiwawa kuposa onditukwana. Akunditeteza ine ponyoza mayi amene ankatembenuza munthu wodwala pamphasa, abale ake ali kutali. Ndafufuta ndemanga zawozo. Tsopano akuti ndimafufutanso ndemanga. Ndipo sakunama!

Lachinayi

A Nachisale abwera ku shopu ya fotokope kumene ndimagwira ntchito. Duku lakuda, chitenje chakuda. Aima pambali mpaka makasitomala onse atuluke.

Kuwerenga sadziwa. Akuti mnansi wawo wakhala akuwawerengera nkhaniyo pa foni m'mawa uliwonse, koma tsopano akatsegula akupeza za ngalande. Pamaliro paja anawakhazika kumbuyo kwenikweni, ndipo mwa onse amene analankhula palibe anatchula dzina lawo. Linatchulidwa pa bulogu yanga pokha.

"Kodi achimwene, munapezamo bodza?"

Ndati ayi.

"Oho. Ndimayesa mwina ndinalakwitsa pokufotokozerani."

Athokoza, atuluka. Sanapemphe kuti ndiibwezeretse. Bola akanapempha, bola akanandikalipira. Kasitomala wotsatira ndamujambulira satifiketi chozondoka.

Lachisanu

Nzeru zina: kuibwezeretsa, koma dzina lichoke. Paliponse pamene panali "a Nachisale" ndalembapo "mayi wina wachifundo." Ndimati aliyense apezepo kake.

Zotsatira:
— a Yohane aimbanso. Mawu opemphera aja atha, akuti ndinalonjeza ndipo ndawapusitsa
— a ku galaja akuti mayiyo ali ndi dzina, si mphepo
— owerenga akutali ayamba kulota mayina. Wina watchula mayi wogulitsa tomato pamsika, woti malemu ankangomugula tomato basi
— mwamuna wa mayi wa tomatoyo wafika kale ku shopu kudzandifuna; ndinali kuseri, ndikuti ndikukonza makina
— ndaichotsanso dzuwa lisanafike pamutu

Lero ndi tsiku lija ndinkati anthu adzakhala ataiwala!

Loweruka

Mayi a kunyumba akuti ndamvera aliyense, koma a Nangondo, amene akuti nkhaniyo inawapweteka, sindinawaone ndi maso. Ndakwera minibasi ya ku Area 25.

A Nangondo ndawapeza pakhonde akusankha nyemba. Ndi achikulire, koma msana uli njo. A Yohane kulibe. Ndadzitchula dzina, ndakhala pansi, ndapepesa. Andileka mpaka ndamaliza, manja awo osasiya nyemba.

Akuti nkhaniyo anawawerengera mpongozi wawo, yonse. Za a Nachisale sizinawapweteke. Bambo aja anachoka pakhomo kalekale, ndipo munthu amene anapirira nawo matenda otere ayenera kuthokozedwa. Iwo sanatume aliyense kuti ichotsedwe. Mwana wawoyo ankaopa zokamba anthu ku mpingo.

"Chinandiwawa ine n'chakuti ndinamvetsera mpaka kumapeto, ine mulibemo. Geti loyamba limene anawotcherera, chitsulo ndinagwirira ndine. Ana ndinalera ndekha. Inu munalemba ngati moyo wa munthu uja unayambira ku Biwi."

Ndapempha kuti ndilembenso, iwonso akhalemo, ndiwafunse bwinobwino monga ndikanachitira poyamba. Apukusa mutu.

"Mwalemba kale, mwafufuta kale. Tisiyeni tilire, bambo."

Andipatsa madzi akumwa, andiperekeza mpaka pageti. Getilo ndi lakale, penti inatha, koma silinapindike paliponse. Pobwerera foni sindinaitulutse m'thumba.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu ena andipatsa dzanja, ena ayang'ana kumbali. Ulaliki sindinaumve.

Nkhani ija sibwereranso. Momwe inalili, a Nangondo mulibe, ndipo kuwonjezera andikaniza eni ake. Pa bulogu ndangolemba kuti ndinaichotsa ndine, osafunsa amayi awiri amene inkawakhudza, ndiponso kuti inalibe bodza koma inali yosakwanira. Ndemanga zikubwerabe. Wina akuti ndine wamantha, wina akuti ndatembenuka mtima mochedwa, wina akufunsa ngati ngalande ija inakonzedwa. Sindifufutanso ya aliyense. Zikhale pomwepo.

Chakumadzulo ndanyamula laputopu kupita kuseri kwa galaja. Ndawawerengera a Nachisale nkhani yoyamba ija, dzina lawo lili momwemo. Ndawauzanso zimene ananena a Nangondo, osachotsapo kanthu. Amvetsera akupotokola nsonga ya chitenje.

"Mayi aja anapirira," atero. "Anali ovuta bambo aja. Inu simunalembe."

Aseka pang'ono, kenaka kusekako kwasanduka kulira. Ndatseka laputopu. Ndakhala nawo pakhonde mpaka mnansi wawo wabwera.

Mawa ku fotokope.