Shati Yanga Yaphula

Nkhani iyi ndimabisira ngakhale adzukulu anga, koma lero imveni, museke mukhute.

Msuweni wanga Yelemiya anabwera kuchokera kumigodi ya ku Kitwe atavala shati yoyera mbee. Ine ndi iye tinkalimbirana mtsikana mmodzi, Esinati wa ku Pembamoyo. Ine ndinali ndi munda wa mtedza, iye analibe ngakhale khasu. Koma shatiyo!

Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi, Yelemiya anadzithira dala thobwa pachifuwa, Esinati akuona. Thobwa linangogubuduka ngati mame patsamba la nthochi, osasiya banga.

"Waona, msuweni? Iyi ndi sipesho. Kufakitale amaipaka mankhwala, litsiro limachita kuiopa."

"Mankhwala anji?"

"Onga phula. Koma iwe usavutike, yako ija ngakhale mbuzi siingadye."

Esinati anaseka. Mtima wanga unachita kuti thii! Phula? Ine ming'oma ya njuchi ndinali nayo!

Ndinakafula, kusungunula phula m'phale, n'kupaka shati yanga imodzi yomweyo. Uchi wotsalira sindinauchotse, ndinkati ukuwonjezera mphamvu. Nditathirapo madzi, anagubudukadi. Ndinati basi, Kitwe wafika kwathu ku Zingalume!

Loweruka ndinapalasa njinga kukaonekera kwa amalume ake a Esinati. Dzuwa la Okutobala linasungunula phula lija, fumbi lofiira n'kumamatira. Pofika ndinali ngati mbatata yongokumba kumene.

Amalumewo anandipatsa mpando, n'kundiyang'ana kuyambira kukhosi.

"Pepani bambo, mwagwa panjira?"

"Iyayi, ndi sitayilo yakutauni."

Apo njuchi ina inatera paphewa. Kenaka zinzake, mudzi wonse wa njuchi.

"Nanga alendowa mwabwera nawo ndinu?" anafunsa amalumewo.

Ndisanayankhe, ina inalowa kukhwapa n'kundiluma. Mayo! Ndinavula shati pomwepo, pamaso pa amayi ake a Esinati, munthu amene mkamwini amamupatukira panjira. Mayiwo anafunda chitenje kumutu n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Ine liwiro, njinga n'kuisiya.

Esinati anakwatiwa ndi Yelemiya. Shati yasipesho ija itachapidwa kangapo mankhwala anatha, inayamba kuda ngati ya aliyense. Koma mpaka lero nkhalamba ziwirizo zikandiona zimakuwa kuti, "A Phula, alendo anu ali bwanji?"

Banga la thobwa limachoka ndi sopo, la nsanje umalowa nalo m'manda.