Bwana Thombozi ndi mvula imene anaiitana yekha

Mwambi wa mvula ndi matope uja mumangounena, ana inu, koma mwini wake simumudziwa. Ine ndimamudziwa, pakuti ndinamugwirira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Unayamba motere.

Kuseri kwa phiri lina kunali kampani yaing'ono ya magetsi. Inatseka mtsinje ndi damu, madzi n'kumatsika m'paipi yaikulu kukazunguza makina, magetsi n'kumapita kuzigayo, kuchipatala ndi m'nyumba za anthu. Ine ntchito yanga inali yovuula zinyalala pachipata cholowera madzi. Woyang'anira makina anali mayi Chimbalanga, munthu wosakonda zolongolola. Pamwamba pa tonsefe panali bwana Thombozi, amene pakamwa pake panali pokwanira makampani awiri.

Bwana ameneyu ankakonda mawu oti chilengedwe kuposa chilengedwe chenichenicho. Pageti anakhomapo chikwangwani chachikulu: "Ife ndi mitengo ndife amodzi." Nyengo yobzala mitengo ikafika ankaitana ojambula zithunzi, n'kuvala jombo zatsopano, n'kugwada mwaulemu, n'kubzala mbande imodzi ya mbawa. Ojambulawo akangokwera galimoto, iye ankandikodola.

"Iwe Chikopa, kafukule msanga, mbuzi zingadye. Tidzaifunanso chaka chamawa."

Mbande imeneyo tinaibzala kanayi. Inali mbawa yojambulidwa kwambiri m'boma lonse, koma inkakhala m'chitini kuseri kwa ofesi.

Tsiku lina eni kampani, amene ankakhala kutauni, anatumiza uthenga woti mawaya afike m'midzi ina. Mawaya amafuna mapolo. Bwana Thombozi anaima pakhonde, nayang'ana nkhalango ya m'phiri, maso ake n'kuwala.

"Mapolo onsewa angoima chabe m'phirimu, osagwira ntchito?"

"Akugwira ntchito, bwana," anatero mayi Chimbalanga. "Mvula ikagwa, mitengo ija ndiyo imasunga madzi n'kumatipatsa pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Makina athu enieni ndi phirilo. Awa a m'nyumbamu amangomalizitsa."

"Mayi, inu munaonapo mtengo ukuyatsa babu?"

Anaseka yekha mpaka kutsokomola, ndipo m'mawa mwake macheka anayamba kulira. Mitengo yowongoka inasanduka mapolo. Yokhota anaipereka kwa owotcha makala, ati anthu aone kuti kampani ndi yokoma mtima. Tangoganizani, wogulitsa magetsi kumagawa makala! Ine zinkandiwawa, koma ndinali ndi ana oti adye, choncho ndinangopitiriza kuvuula zinyalala zanga.

Patapita zaka ziwiri phiri linatsala mbee, ngati mutu wometa mpala. Mtsinje unawonda mpaka nkhuku kumawoloka osanyowa nthenga. Magetsi ankayaka kanthawi kochepa masana, a zigayo n'kumabweza amayi ndi chimanga chawo. Pamenepo panafika kalata ina. Eni kampani anati akubwera Lachisanu loyamba la Disembala, ndipo akadzapeza makina ali chilili, bwana Thombozi adzalongedze.

Munthu wanzeru akanachita manyazi. Iye anati wolakwa ndi mitambo. Anaitanitsa makwaya atatu, abusa awiri ndi gulu lonse la m'midzi kuti akapemphere padamu. Abusa atamaliza, iye anaona ngati apempha mwaulesi, nalanda chimkuzamawu.

"Ambuye, tipatseni mvula! Osati yowazawaza ngati ya chiperoni iyayi. Tikufuna yamkokomo, yodzaza damu ili tsiku limodzi, lisanafike Lachisanu!"

Mayi Chimbalanga anamusendera pafupi. "Bwana, phiri lili mbulanda. Ikagwa yotereyo itsika ndi dothi lonse."

"Vuto lanu mayi, sukulu inakudyerani chikhulupiriro."

Lachisanulo m'mawa kumwamba kunada bii. Inagwa mvula, ana inu, yoti agalu anathawira m'nyumba osathamangitsidwa. Bwana Thombozi, atavala suti yolandirira alendo, anavina pabwalo manja ali m'mwamba, akuuza aliyense kuti Mulungu amamumvera iye kuposa abusa. Ine ndinali pachipata changa, ndipo ndinaona zimene zinkatsika m'phirimo. Sanali madzi amenewo. Linali phala lofiira, lodzaza zitsa, miyala ndi zotsalira za mauvuni a makala.

"Tsegulani chipata chonse!" anakuwa bwana.

"Tiyeni tidikire madzi ayere kaye," anatero mayi Chimbalanga. "Tikalowetsa zimenezi, makina atha."

"Alendo ali panjira! Chikopa, tsegula, apo ayi uyamba ndiwe kulongedza!"

Ndinatsegula. Makina anazungulira, mababu anayaka, bwana n'kuwomba m'manja. Kenaka kunamveka phokoso ngati chigayo chameza mwala, makina anatsokomola kawiri, n'kukhala chete. Paipi yonse inali itatsekeka ndi thope.

Nthawi yomweyo eni kampani anatulukira wapansi, nsapato zili m'manja, chifukwa galimoto yawo inali itatitimira kumsewu. Bwana Thombozi atawaona anandilanda fosholo, ati awaonetse kuti ndi kavuto kakang'ono. Anadumphira pamene ankayesa kuti ndi pouma, nalowa mpaka m'chiuno. Anayesa kudzikoka, nalowa mpaka m'khwapa, tayi yokha n'kumayandama. Tinamuponyera chingwe, koma iye m'malo mochigwira anayang'ana kumwamba, misozi ikusakanikirana ndi mvula.

"Ine ndinapempha mvula! Mvula yokha basi! Zamatopezi watumiza ndani?"

Mkulu wa eni kampani anayang'ana phiri, nayang'ana munthu wa m'thopeyo, nati, "Mukamuvuula, mumuperekeze kugeti. Mayi, makiyi a ofesi mutenge ndinu."

Mayi Chimbalanga anagwira chingwe limodzi nafe. Tikumukoka, bwana uja anali akulirabe kuti sanapemphe zimenezi. Mayiwo anapumira m'mwamba, namuyankha mofatsa, anthu onse akumva:

"Munapempha, bwana. Walira mvula, walira matope."