Chinkhoswe cha pa Zenera

Nkhani imene ikuyenda ku Luchenza yoti ine ndinakanirira pa zenera pothawa alendo ndi yabodza, ndipo amene akuifalitsa awerenge bwino zimene ndalemba pano. Kukanirira ndinakanirira ndithu, zimenezo sindikukana. Koma sindinkathawa munthu. Ndinkachita kafukufuku.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya tiyi mpaka kupuma, ndipo sukulu ndinafika nayo Fomu 4 m'masiku amene Fomu 4 inali ndi ulemu wake. N'chifukwa chake akomiti ya kanyuzipepala ka mpingo wathu, atamva kuti achinyamata atengeka ndi filimu ina ya mkaidi wothawa kundende, anasankha ine kuti ndikaionere ndi kulembapo ndemanga. Ndinapita ku shedi ya kanema Lachisanu masana, pamodzi ndi mng'ono wanga Fulaye (amene sanaitanidwe).

Filimuyo akuti ndi ya nkhani yochitikadi kumaiko akunja. Mkaidiyo ankanyenga abale ake akabwera kudzamuzonda. Kwa amayi ake ankanena kuti mlongo wake akuwanena kuti alibe chikondi. Kwa mlongoyo ankanena kuti amayi awo akumunena kuti ndi wouma mtima. Aliyense, pofuna kutsutsa mnzake, ankabweretsa chilichonse chimene mkaidiyo wapempha: wina kachitsulo kodulira, wina mafuta. Mapeto ake anadula zitsulo, anadzola mafuta thupi lonse, natulukira pa kazenera.

Ine ndinamva zonsezi m'Chingerezi chenichenicho. Koma munthu amene anathira mawu a Chichewa mufilimumo anauza anthu kuti mafutawo anali mankhwala okhwimira, ndipo Fulaye anakhulupirira.

M'mawa mwake linali tsiku la chinkhoswe cha Esnati, mwana wa achemwali anga a Felesiya. Mwambowo unali pakhomo panga, ndipo akuchimuna ochokera ku Thekerani tinkawayembekezera dzuwa lili paliwombo. Ine, monga malume wamkulu, ndiye ndinali woti ndilandire tambala m'manja mwa nkhoswe yawo. Kwathu kuno amene walandira tambala ndiye nkhoswe ya banjalo mpaka kalekale. Udindo umenewu Fulaye ankausirira poyera, ponena kuti ine ndikamaweruza nkhani ndimatalikitsa mpaka okangana amagwirizana chifukwa cha njala.

Tikuika mabenchi pabwalo, iye anayambitsanso za filimu ija.

"Achimwene, munthu wamkulu sangadutse pamene paja popanda kukhwima."

"Pamene padutsa mutu ndi phewa limodzi, thupi lonse limadutsa," ndinamuyankha. "Ndi sayansi."

"Sayansi yake yoyezera tiyi pasikelo?"

Munthu wanzeru akanangoseka. Ine ndinayang'ana kasitolo kanga ka njerwa, momwe ndimasungamo feteleza ndi makasu. Kali ndi kazenera kopanda galasi koyang'ana kubwalo komweko, ndipo ndi maso ndinakayeza kuti kakufanana ndi ka mufilimu. Ndinkafunanso kuti ndemanga yanga ikhale ndi umboni, poti wolemba wosamala salemba zongomva.

Ndinatenga botolo la mafuta ophikira kukhitchini (anali a mpunga wa alendo, koma ndinkaganiza kuti sadziwika). Ndinalowa m'kasitolomo, ndinavula n'kutsala ndi vesiti ndi kabudula, ndipo ndinalamula Fulaye kuti akhome loko kunja kuti zonse zifanane ndi kundende. Anakhoma mwamsanga kuposa mmene ndinkayembekezera, naika kiyi m'thumba.

Ndinadzola. Ndinakwera pa thumba la feteleza. Mutu unadutsa bwinobwino, mkono wamanja unadutsa, chifuwa chinadutsa monyinyirika. Ndinamuyang'ana Fulaye monga mphunzitsi amayang'anira mwana wolephera. Kenaka mimba inafika pa njerwa n'kukana. Nditati ndibwerere, nthiti zinakana. Mkono wamanzere unatsala mkati utapanikizika pa ntchafu, ndipo thumba la feteleza lija linagwa, miyendo n'kumangopalasa m'malere.

(Ndikuvomerezabe kuti filimuyo inali yolondola. Chimene sindinaganizire n'choti mkaidiyo anakhala zaka akudya za kundende, pamene ine ndakhala zaka ndikudya za mayi a kunyumba.)

"Tsegula undikoke miyendo," ndinatero.

Fulaye anapapasa m'matumba mwaulesi. "Kiyi uja ndamuika pati kaya. Musadandaule achimwene, tambala ndilandira ine. Inu pitirizani sayansi." Anapita kumsewu kukachingamira alendo.

Apa m'pamene ndikuchita manyazi kwambiri. M'ndemanga imene ndinali nditayamba kulemba, ndinati mkaidi uja ndi munthu wopanda chikumbumtima. Koma mayi a kunyumba atatulukira ndi botolo lopanda kanthu m'manja, mawu anangobwera okha.

"Bambo, mwatani?"

"Zimenezo tikamba. Koma mukudziwa zimene alamu anu a Felesiya akunena? Akuti inu ndi amene mukufuna unkhoswe upite kwa Fulaye, poti mumaipidwa kuphikira anthu obwera ndi milandu ya m'banja."

Nkhope yawo inasintha. "Ine? Ine amene ndakhala ndikusenda anyezi kuyambira dzulo?" Anapita m'nyumba mofulumira, nabwera ndi jekete yanga ya suti ndi tayi. Tayi anandimanga pakhosi pamwamba pa vesiti, jekete anandiveka mkono umodzi umene unali kunjawo, mbali inayo n'kuikoleka paphewa. Anandipesanso tsitsi. "Tambalayo mulandira inuyo, ngakhale muli pamenepo. Aone."

Atangochoka anafika achemwali, atagwira pakamwa.

"Achimwene, mwana wanga mwamuchititsa manyazi otani? Ndiitane amisiri agumule khomali?"

"Agumule alendo akuona? Ayi. Ine n'kadasiyira Fulaye, koma chikundiwawa n'chimene alamu anu anena. Akuti banja la Esnati silikhalitsa, ndiye palibe chifukwa chovutitsira munthu wophunzira ngati ine."

Achemwali anangomanga chitenje mwamphamvu n'kuyamba kukokera mabenchi kufupi ndi kasitolo.

Motero alendo a ku Thekerani anapeza bwalo lonse layang'ana kukhoma, ndipo pakhomapo panali theka la nkhoswe litavala tayi. Ndinawalonjera mwaulemu wonse. Nkhoswe yawo, bambo wachikulire wodekha, anandiyang'ana nthawi yaitali, nayang'ananso mafuta amene ankayenderera pa njerwa.

"Kodi akuchikazi, kuno mwambo wake ndi umenewu?"

"Amamva kutentha akakhala pansi," anayankha mayi a kunyumba.

"Kuyambira ali mwana," anawonjezera achemwali, osayang'anana ndi mlamu wawo.

Mwambo unayamba. Ndinalankhula mawu otsegulira mwachidule, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, chifukwa mpweya unkabwera pang'onopang'ono. Esnati anakhala chozyolika nthawi yonseyo, ndipo anthu anamuyamikira kuti ndi mwana waulemu.

Itafika nthawi ya tambala, Fulaye anaimirira. "Pepani akuluakulu. Mphatso ya ulemu imalandiridwa ndi manja awiri. Achimwenewa pakali pano ali ndi limodzi."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Ndinaona unkhoswe ukundichoka. Koma amayi awiri aja anaimirira pamodzi, aliyense pofuna kutsutsa mnzake, nauza mlendoyo kuti apereke tambalayo kwa mwini wake. Bamboyo anayandikira, natukula tambala wamkulu wofiira. Ine ndinamugwira miyendo ndi dzanja lamanja, ndipo posowa dzanja lachiwiri ndinamuthandizira ndi chibwano.

Tambalayo sanagwirizane nazo. Anakupiza mapiko kumaso kwanga, nandijompha pamphuno. Ndinadzidzimuka, ndinakoka mpweya wonse mkati, ndipo chimene chinakanika kwa maola awiri chinatheka m'kamphindi. Ndinapulumukira chambuyo n'kugwera pa makasu, ine, tayi ndi tambala yemwe. Jekete inatsala pazenera.

Kenaka ndinamva mawu a mlendo uja kunja: "Walandiridwa. Tonse taona." Amayi analuluta.

Ndinali nkhoswe. Ndinafuula kuti tsopano anditsegulire, ndipo Fulaye, atagonja, anamupeza kiyi uja m'thumba lomwe lija. Koma asanafike pachitseko, ndinamva mayi a kunyumba ndi achemwali akulankhulana kuseri kwa kasitolo, kumene anapita kukapakula mpunga.

"Alamu, ine ndinakulakwirani chiyani kuti muzinena kuti ndimaipidwa kuphika?"

"Ine? Si inu amene mwati banja la mwana wanga silikhalitsa?"

"Wakuuzani ndani?"

Ndinangomva mapazi anayi akuzungulira kasitolo, kenaka mawu a mayi a kunyumba: "Alamu a Fulaye, kiyiyo bweretsani kuno. Ndisunga ine."

Mwambo wonse wotsala ndinautsatira ndili mkati, nditaimirira pa thumba la feteleza. Nkhuku yowotcha imene ankhoswe amagawana anandipatsira pazenera. Malangizo kwa Esnati ndi mwamuna wake, onena za kukhulupirika ndi kunena zoona m'banja, ndinawaperekanso pomwepo, achemwali akundiyang'ana osaphethira. Ananditsegulira alendo atakwera minibasi, ndipo mlungu wonsewo madzi osamba ndinkadzitenthetsera ndekha.

Ndemanga yanga ndinaipereka ku komiti. Ndinalemba kuti filimuyo ndi yabwino, ndipo za mafuta n'zoona, osati za mankhwala monga akunenera osaphunzira. Koma ndinaichotsera mamalikisi pa chinthu chimodzi. Akuti mkaidiyo ananamiza amayi ake ndi mlongo wake kwa chaka chathunthu, awiriwo osafunsana. Zimenezo sindingazivomereze. Ine ndinayesa, ndili ndi Fomu 4, ndipo bodza langa silinafike ngakhale pa nthawi ya mpunga.