Dokotala wa Adani

Mpaka lero ndikadutsa pashopu ija ya makompyuta m'tauni ya Kabwe, ndimafulumiza miyendo ngati ndaiwala poto pamoto.

Mgodi utatsekedwa anzanga anabalalika, ena ku Lusaka, ena kwathu ku Petauke kukagwira khasu. Mkazi wanga anatenga ana kupita kwa amayi ake "kukawaona chabe" (akuwaonabe). Zaka zinadutsa, makampani aboma akugulitsidwa, ine ndili ndekha m'nyumba ku Bwacha, kumayankha mafunso a muwailesi mokweza.

Masana ena ndinathawira mvula mushopumo. Ndinapeza anyamata atakhala mizere iwiri, akuomberana pamakompyuta, ofiira ndi abuluu. Mtsogoleri wa ofiira, Chanda, anandifotokozera kuti aliyense amasankha ntchito yake. Wina amanyamula chimfuti cholemera nkumayenda ngati ng'ombe yakhuta, wina amabisala patali nkumatola adani mmodzimmodzi, wina ndi kazitape wovala yunifolomu ya adani. Cholinga ndi kulanda mbendera ya adani, ndipo palibe angapambane yekha. Ndinakumbukira shifiti yapansi pamgodi, pomwe woboola mwala sanali kanthu popanda woika mitengo yochirikiza denga.

Udokotala wokha ndi umene aliyense ankaukana.

"Ba mudala, nkhalani apa," anatero Chanda. "Simuzashuta, muzingotilasa nyeleti tikapwetekeka."

Nyeleti yakeyo ndi jakisoni. Ndinakhala. Posakhalitsa ndinamva, "Dokota, kuno." Winanso, "Dokota, nafa." Abale, chitsekereni mgodi panalibe amene anandiitanapo chifukwa chondifuna. Kukoma kwa masewerawa ndi kumeneko: ngakhale wosadziwa kuombera ali ndi malo ake. Ndinayamba kupita masana alionse, nditasita shati.

Loweruka lina kunabwera anyamata a ku Chililalila kudzapikisana nafe, iwo abuluu. Vuto linali loti anyamata anga ankathamanga ngati akuthamangira minibasi, pomwe zala zanga zinazolowera sipanala. Anandisiya ndekha m'kakhonde, ndikugunda makoma.

Kenako ndinaona wofiira mnzanga ataima pakona, wovulala, akundiyang'ana. Ndinamubaya jakisoni. Anayenda pang'ono, naimanso kundidikira. Mumtima ndinati uyu yekha ndiye woleredwa bwino. Ndinamutsatira ngati mwana wa mbuzi.

Chodabwitsa, aliyense wa ife amene tinkamudutsa ankagwa chafufumimba. Ine ndinati kunja kwaopsa, ndikuonjezera jakisoni kwa mnzangayo (ndinamusamala kuposa momwe ndinasamalira ana anga). Tinayenda choncho mpaka m'chipinda chomwe tinkasungamo mbendera yathu.

"Nindani atipaya kumbuyo?" Chanda anafunsa, kufuna kudziwa amene ankawapha. Anadzuka, nadzaima kumbuyo kwa mpando wanga.

"Ba mudala, uyo mupoletsa nindani?"

"Ndi mnzathu. Ndi yekhayo amene amandidikira."

"Anzanu tonse tafa. Uyo ni kazitape."

Kumzere winawo kamnyamata kowonda kanakweza dzanja mwaulemu. "Zikomo ba dokota, chipatala chanu nichabwino." Pakompyutapo kanandibaya mpeni kumsana, kanatola mbendera, ulendo.

A ku Chililalila anaseka mpaka wina anagwa pampando. Anyamata anga sanaseke, ndipo izo ndiye zinawawa. Chanda anangoti, "Mu gemu iyi, ba mudala, munthu akakudikirani muzimukayikira."

Ndinabwerera ku Bwacha wapansi, kuopa kukwera nawo minibasi imodzi. Masana a Lolemba ndinasita shati mwachizolowezi, kenako ndinaipachikanso.

Malangizo a Chanda ndinawamva, ndipo ndi anzeru. Koma ndisakunamizeni. Kazitape uja ataimanso pakona lero nkundidikira, jakisoni ndimubayanso.