Wigi ya Madam Lea

Nkhani iyi imandichititsa manyazi mpaka lero, koma poti anzanga ogwira ntchito kunja kuno, a kudera la Satwa, anaiwanditsa kale, bola muimve kwa mwini wake.

Ndinapeza ntchito ya m'nyumba kunja kwa dziko lathu, kudera la Al Warqa, kwa Madam Lea, mayi wachiyuda. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndipo Myuda ndinali ndisanamuonepo. Koma maso ndili nawo, ndipo ndimawadalira kwambiri.

Sabata yoyamba, ndikukolopa kuchipinda kwawo, ndinaona mutu wapulasitiki utavala wigi. Pambali pake panali wina. Madam akakhala pakhomo, mpango uli ndi! kumutu, osaoneka ngakhale tsitsi limodzi. Mayi anga ku Balaka ankamanga mpango chomwecho atayamba mankhwala a khansa, mpaka tinakawaika m'manda.

Kuyambira pamenepo chilichonse chinkandiikira umboni. Zakudya ankasankha, nyama mbale zake, mkaka mbale zake. Loweruka sankagwira kanthu, ngakhale kuyatsa magetsi. Ndinati basi, thupi latha mphamvu ili.

Ndinayamba kuwalanda chilichonse chimene anyamula.

"Iwe Asiyatu, ndi kapu chabe!" ankatero Madam.

"Pumulani, Madam. Mulungu ndi wamkulu."

Ndinkawachitira dua, kuwapempherera kwa Mulungu, koma ndisaname, ndinkadziliriranso ndekha. Viza yanga ili m'dzina lawo. Iwo akapita, ine ndibwerera ku Balaka chimanjamanja, ndipo mwana wanga Fatuma, amene ndinamusiyira achemwali, adzalekezera pomwe ndinalekezera ine.

Lachiwiri lililonse kunkabwera mnzawo, Madam Huda, Msilamu ngati ine. Awiriwa ali ndi blog. Amalemba ndi kujambula mavidiyo a zovala zachipembedzo, kudandaula za anthu amene amangoona mpango n'kugamula kuti mkaziyu akuponderezedwa. Ine kukhitchini ndinkavomera ndi mutu, chifukwa nanenso kwathu ena ankati hijabu anandikakamiza ndi mwamuna, chonsecho mwamunayo anathawa kalekale.

Tsiku lina ndinawadikirira Madam Huda pageti.

"Pepani, Madam. Mukadzafuna wantchito mudzandikumbukire."

"Bwanji? Lea akukuchotsa?"

"Ayi. Ndikunena za mtsogolo, akadzatisiya."

"Akupita kuti?"

Ndinaloza kumwamba. "Khansa."

Chikwama chinagwa pansi. Anathamangira m'nyumba akulira, ine pambuyo. Madam Lea anali pabalaza, akukonza foni yojambulira vidiyo.

"Habibti, wokondedwa wanga! Zaka zonsezi tili limodzi, iwe n'kundibisira?"

"Kukubisira chiyani?"

"Khansa! Wandiuza Asiyatu!"

Onse anatembenukira kwa ine.

"Asiyatu, wamva kwa dokotala uti?" anafunsa Madam Lea.

"Ndinaona mawigi, Madam. Ndi mpangowo. Komanso Loweruka mumafooka."

Kenako Madam Lea anamasula mpango. Tsitsi linagwa mpaka pamsana, lakuda bii, lokwanira mitu itatu!

Madam Huda anakhala pansi, misozi ya maliro n'kusanduka ya phwete. Anandifotokozera akupukuta m'maso kuti akazi achiyuda opemphera akakwatiwa amaphimba tsitsi, ena ndi mpango, ena ndi wigi. Loweruka ndi tsiku lawo lopuma. Za mbale zija ndi malamulo a chakudya, ngati halal yathu.

"Ndiye iwe," anatero, akuloza hijabu yanga, "tikuperekeze kuchipatala chiti?"

Ine sindinaseke. Ndinkangoyang'ana tsitsi lija, ndikukumbukira la mayi anga limene silinamerenso. Ndinaliradi, mamina ndi misozi, theka chisoni, theka mantha akuti ntchito yatha, poti ndinali nditafunsira ina mwini nyumba akadali moyo.

Madam Lea anandipatsa madzi m'kapu yomwe ija ndinkawalanda. Anandisisita paphewa mpaka ndinatonthola.

"Khalas, basi zatha, Asiyatu, sindikuchotsa," anatero. "Koma kwa Huda udikire kaye. Maliro tawaimitsa."

Maso akuthwa opanda pakamwa pofunsira amakumbira manda munthu wamoyo.