Chindudu cha ku Joni pa Tsiku la Malowolo

Mpaka lero ndikamadutsa ku Msongwe ana amandiitana kuti "adada a mawondo." Dzinali sindinalipeze kutchalitchi ayi.

Mnzanga Yotamu, amene timagulitsa naye zipangizo za njinga zamoto mumsika, anandisankha kuti ndikhale thenga wake, munthu wokamulankhulira kwa akuchikazi pa nkhani ya malowolo. Bambo a mtsikana amene ankafuna kukwatirayo, a Gondwe a ku Msongwe komweko, anali atabweza kale thenga woyamba chifukwa cholongolola. Ndikanalakwitsanso ine, ukwatiwo ukanathera pomwepo.

M'mawa wa tsikulo mkulu wake wa Yotamu, wongofika kumene kuchokera ku Joni, anaona kuti ndili ndi mantha. Anatsegula kabokosi kamatabwa n'kutulutsa chindudu chonenepa ngati chinangwa, chokulungidwa ndi tsamba lenileni la fodya, chitavala kalamba kagolide m'chiuno.

"Ichi amasuta mabwana okhaokha, mnyane. Chimodzi mtengo wake ndi mbuzi. Chimakhazika mtima pansi chomene."

Ine mwana wa ku Kasungu, wokulira m'zigafa, ndiope fodya? (Kusuta sindisuta, koma ndinkaganiza kuti zoterezi zimayenda m'magazi.) Ndinayatsa kuseri kwa galimoto, m'mimba mulibe ngakhale tiyi. Kukoma kwake sindinama, kunali ngati khofi wothira uchi. Ndiye ndinkameza utsi wonse mpaka m'mapapo kuti mbuzi ya eni ake isapite ndi mphepo. Palibe anandiuza kuti utsi wa chindudu chotere amangouzunguza m'kamwa n'kuutulutsa. Chitafika pakati ndinachizimitsa n'kuchiponya m'thumba la jekete.

Tinalowa m'nyumba, ine n'kugwada, n'kuwomba m'manja. "Monire adada." Pomwepo nyumba inayamba kuyenda. Kabati inalowera kumanzere, a Gondwe anasanduka awiri (pomwe mmodzi yemweyo anali wokwana kale), thukuta lili kamukamu.

"Khalani pampando, a thenga," anatero.

"Pompano pali bwino, adada." Ndikanati ndidzuke ndikanagwera mayi a mtsikana pamiyendo.

A Gondwe anatchula ng'ombe zimene ankafuna. Mawu onse amene ndinaloweza anali atathawa, ndiponso ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa chimene chituluke si mawu. Ndinangoweramitsa mutu n'kuwombanso m'manja. Zii. Iwo anatsokomola, nachotsako ng'ombe imodzi. Ine chete, misozi ili mbwembwembwe. Azakhali a mtsikana anayamba kunong'onezana kuti ulemu wotere sanauonepo chibadwire. Inachokanso ng'ombe ina.

"Yewo chomene," ndi zokhazo zimene ndinakwanitsa kunena. Nthungululu zinaphulika kukhitchini. Ndinasangalala zedi.

Anthu akutuluka, a Gondwe anandigwira mkono n'kundidzutsa okha. Anasendeza mphuno pafupi ndi jekete langa, n'kumwetulira.

"Mwana wane, ine fodya ndalima ku Rumphi mpaka imvi izi. Wanuyu ngwabwino chomene, koma sameza." Anatambasula dzanja. "Chotsalacho bweretsani kuno. Chilowe m'malo mwa ng'ombe zanga."

Ndinapereka ndi manja awiri. Ukwati unachitika, tinavina mpaka nsapato zanga kuyasamula, ndipo a Gondwe anasuta chindudu chija pakhomo pa holo, pang'onopang'ono, akundiyang'ana.

Mbiri yanga tsopano yafika mpaka ku Chibanja, ndipo mnyamata wina wandipempha kuti ndikamukhalire thenga mwezi wamawa. Ndavomera, koma ndamufunsa kaye ngati ali ndi m'bale ku Joni.