Mvula Imene Ndinagwetsa pa Chinkhoswe Changa

Kwa Mavwere, kumudzi kwa mkazi wanga, dzina langa lenileni anaiwala kalekale. Ana, akulu, ngakhale a katekisiti amanditchula kuti aMvula. Ndimayankha ndithu, chifukwa dzinali ndinalipalamula ndekha, masanasana, pamaso pa anthu odzaza matenti awiri.

Ndiyambe ndaulula matenda anga. Ndine mphunzitsi, ku Mchinji kuno ndinabwerera ntchito, ndipo ndimafera nyimbo za roko zakalekale, zija ankaimba azungu a tsitsi lofika m'mapewa. Osati roko wongokuwa uja ayi. Ndikunena uja woti nyimbo imodzi imatha mphindi makumi awiri: limba liyambe lokha, chitoliro chilowe, gitala alire, ng'oma zisinthe mayendedwe katatu, woimba n'kudzatsegula pakamwa inu mutapita kale kumjigo n'kubwerako. Ndinazipeza pa fulashi imene mnzanga anagula ku Chipata, ndipo kuyambira tsiku limenelo mutu wanga sunabwererenso m'malo mwake. Ndikavala mahedifoni ndimaona mitundu ndili chitsinzinire (osasuta kanthu, chonde, ndine wa kwaya).

Eneless, amene panthawiyo anali bwenzi langa, ankangomvera pang'ono n'kufunsa kuti, "Kodi yayamba, kapena akukonzabe zingwe?"

Vuto linali malume ake, a Gelesomu, mwini mbumba. Mkuluyu sanandikonde chiyambire. Ankati ndine mlendo wa manja ofewa, ndipo anauza ankhoswe anga mosabisa kuti msoti, nkhuku imene akuchikazi amapereka posonyeza kuti avomera, adzautulutsa pokhapokha akadzaona khalidwe langa pa tsikulo. Munthu wanzeru akanavala jekete n'kukhala phee. Ine ndinaganiza zowagometsa ndi nyimbo.

Mukudziwa mmene zimakhalira pa chinkhoswe: mkazi amatuluka pamodzi ndi anzake atafundidwa zitenje kuyambira kumutu, akuyenda movina pang'onopang'ono, ndipo mwamuna amayenera kuloza wake. Ndinafuna kuti Eneless atuluke ndi nyimbo yanga ya kumtima. Ndinapita nayo kwa a Zulu, amene tinawachita hayala ndi masipika awo aakulu ngati mafiriji. Anailawa chapakati, nkhope n'kukwinyika.

"Achimwene, iyi ndi nyimbo kapena jenereta yayamba kuvuta?"

"Ndi luso limenelo, a Zulu. Mukaiyambire pachiyambi penipeni, voliyumu yonse, ndipo musaidule zivute zitani."

Tsono nyimboyo imayamba ndi mphepo. Kenako mabingu. Kenako mvula ya madontho akuluakulu ikugwa padenga la malata, mphindi ziwiri zathunthu, chida chilichonse chisanalire. Ine ndiye pamene ndimapakonda kwambiri! Chimene sindinachiganize n'chakuti unali mwezi wa Okutobala, mitambo inali ikuunjikana chakumalire kuyambira m'mawa, ndipo pakhomo lililonse m'mudzimo panali ufa, mphale kapena mtedza woyanika pamikeka.

Anthu asanu ofundidwa anatulukira kuseri kwa nyumba. Nthungululu zinalira. A Zulu anadina.

Fuuuu, mphepo. Mayi wina kumbuyo anati, "Ii, kwayamba kamphepo." Ine mtima uli dyokodyoko ndi chimwemwe, ndinatsinzina.

Kenako phuuu! Bingu linagwedeza mipando.

"Chizimalupsa!" wina anakuwa. "Amayi inu, ufa uli panja!"

Zimene zinatsatira ndinachita kuuzidwa, popeza ine ndinali m'mwamba, dzanja likuyendayenda ngati wotsogolera kwaya. Akuti matenti anakhuthuka ngati kwalowa njuchi. Amayi anathamangira kumikeka, abambo kukalowetsa njinga, ankhoswe anga enieniwo kukatseka mawindo a galimoto. A Zulu, munthu amene anadina yekha nyimboyo, anayamba kufunditsa masipika ndi pulasitiki. Ofundidwa aja, poti sankaona kanthu, anagundana mitu, wina n'kugwera pamipando. Ndipo mmodzi anataya chitenje uko, nsapato m'manja, liwiro la mtondo wadooka, akukuwa kuti, "Mtedza wa amayi!" Ameneyo anali Eneless. Masewera oloza mkazi anathera pomwepo.

Limba litalowa ndinatsegula maso kuti ndione nkhope za anthu zikusungunuka ndi kukoma. Ndinaona mipando. Mipando yokhayokha, ndi a Gelesomu, amene sakanatha kuthamanga chifukwa ngolo inawaponda mwendo. Anali tsonga, ndodo pakati pa mawondo, dengu la msoti pansi pa mpando, maso ali pa ine.

Ndinkafuna kukodola a Zulu, amene anali kuseri kwa masipika awo, kuti adule, koma mantha anandiletsa, ndipo iwo anasunga lamulo langa mokhulupirika. Choncho tinakhala awiriwiri, ine ndi munthu amene anagwira tsogolo langa m'dengu, gitala akulira, ng'oma zikusinthasintha. (Ndivomere tchimo lina: pakati pa mantha onsewo, phazi langa linkagundabe pansi.)

Anthu anayamba kubwerera, ali mbuu ndi ufa, ouma gwa. Ankayang'ana kumwamba, kenako sipika, kenako ine. Eneless anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinadziwa kuti za mtedza tidzakambirana zaka zambiri. Nyimbo inatha monga inayambira, ndi kabingu kamodzi, mayi wina n'kudzambatukanso.

A Gelesomu anandikodola ndi ndodo. Ndinapita n'kugwada.

"Aphunzitsi, nyimbo yanuyi mawu ake ali kuti?"

"Alipo pang'ono chakumapeto, bambo."

"Hmm." Anakanda chibwano. "Gitala uja pakati paja amalira ngati munthu woferedwa. Tsitsi linandiima." Kenako anakweza mawu kuti onse amve. "Mwamuna amene angakhale pansi kumvetsera chinthu chachitali chonchi mpaka kumapeto, mwana wathu akamalankhula adzamumvetsera. Tengani nkhukuyi." Nthungululu zisanathe anandikokera pafupi. "Koma ku ukwati wa kutchalitchi mukadzangoyandikira sipika, ndidzakulandani nkhukuyi."

Ndinasangalala mpaka ndinkafuna kupsompsona msotiwo.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kanthu. A Gelesomu akabwera ku boma amafikira kwathu, akhale pampando, ndodo pakati pa mawondo, n'kuti, "aMvula, tagwetsani ija." Sabata yathayi ndinaigwetsa ndithu, ndipo ndinaona Eneless akutuluka ndi beseni kukaanula zovala, kumwamba kuli mbee. Ndinayang'ana malume, iwo n'kundiyang'ana. Palibe anamuitana. Gitala anali atatsala pang'ono kulowa.